Vavu Yachete pa Makina a Marlys

Vavu yotsegulira ndi kutsekera mpweya pa makina opanira zitseko inkataya mpweya osalekeza, ndipo Arlen Hiebert inkamusowetsa mtendere. Arlen ndiye anali mwini fakitale ya zitseko za makabati m'katauni kena kumwera kwa chigawo cha Manitoba. Anali ndi khalidwe lake limene antchito ankaliseka kumbali. Loweruka m'mawa, macheka onse atazima, ankazungulira m'fakitale manja ali kumbuyo, khutu lili tcheru, kusaka pamene mpweya ukuthawira. Akamva kuti psii, ankamangapo kansalu kofiira. Lolemba mng'ono wake Wendell, amene ankakonza makina onse m'menemo, ankapeza tinsaluto tikumudikira.

Pa vavu iyi kansalu kanali katachita kuthimbirira ndi fumbi la matabwa.

"Iwe Wendell, kompuresa yopopa mpweya ija ikubangula tsiku lonse osapuma. Ukuimva kapena makutu adatseka?" anafunsa Arlen tsiku lina m'mawa, antchito akumva. "Ikadzapsa pakati pa chisanu, udzauzira wekha m'mapaipimo?"

"Ndamva, achimwene. Ndiiona."

"Kuiona unayamba kalekale. Pofika Lachisanu ndikufuna pamenepo pakhale zii. Ngati yakukanika undiuze, ndiitane anthu a ku Winnipeg odziwa ntchito."

Mawu omalizawo ndiwo anabaya. Wendell anali bambo wa imvi zake, wa adzukulu ake, koma mkulu wake akakweza mawu ankafota ngati ndiwo za dzulo. Moyo wake wonse ankadikira tsiku loti Arlen adzanene kuti wachita bwino, ndipo tsikulo linkachedwa.

Amene ankayendetsa makina opanirawo anali Marlys, mkazi wa Wendell. Ntchito yake inali kuyala matabwa opaka guluu n'kuponda chopondera, ndiye mikono iwiri yachitsulo yokankhidwa ndi mpweya inkawapana mpaka chitseko chigwirane. Thabwa likalowa mopotoka n'kukakamira, mikonoyo inkaima panjira ikukankhabe. Pamenepo Marlys ankatseka vavu, vavuyo n'kulavula mpweya wonse wotsalira m'makina kuti psuuu. Akatero ankakola loko wake pa bowo la chogwirira cha vavuyo, kenako n'kupisa dzanja kukachotsa thabwalo. Mpweya wolavulidwawo unkamuomba pamwendo, wozizira ngati mphepo yolowera pansi pa chitseko, ndipo ankadana nawo kwabasi.

Dzanja lomwelo tauni yonse inkalidziwa chifukwa cha mabanzi. Kuno Lamlungu masana ana ndi adzukulu amasonkhana kwa makolo kudzadya kachakudya kopepuka kotchedwa faspa, ndipo faspa yopanda mabanzi oberekana si faspa ayi. Marlys ankatsina ufa wokanda pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kamodzi n'kamodzi, banzi lalikulu pansi, laling'ono pamwamba, ndipo ake sankagwa mu uvuni ngati a anthu ena. Pakati pa dzanja limeneli ndi mikono yachitsulo ija panalibe chinanso koma vavu imene Arlen ankafuna itsekedwe pakamwa.

Wendell anakwera galimoto n'kupita ku sitolo ya zipangizo za mpweya m'tauni yoyandikana nayo. Kumeneko kunali Mayi Elvira Doerksen, amene ankaphunzitsanso za makina a mpweya ku sukulu ya zaluso. Mayiwa sankakugulitsa kanthu asanakufunse mafunso ngati a kuchipatala.

"Ndikufuna vavu ya saizi iyi, yosataya mpweya," anatero Wendell akuwaonetsa chithunzi pa foni.

"Ikagwira ntchito yanji, a Hiebert?"

"Kutseka mpweya basi. Vavu ili ndi ntchito inanso?"

"Akatseka, pali munthu amene amapisa dzanja m'makinamo?"

"Mayi a kunyumba."

"Ndiye simukufuna vavu yongotseka. Mukufuna yotseka mpweya wochokera ku kompuresa, nthawi yomweyo n'kutulutsa umene watsalira m'makina. Ikhalenso ndi bowo lokolapo loko. Tabwerani kuno muone."

Pakona ya sitolo panali kamkono kachitsulo koyendera mpweya, kofanana ndi ya ku fakitale koma kakang'ono. Mayi Doerksen anakatchinga ndi kachipika n'kutsegula mpweya, kamkono n'kukakamira pa chipikapo. Kenako anatseka vavu yamkuwa, ya mtundu umene timaika pa mapaipi a madzi. Panangoti zii.

"Ndatseka, si choncho? Tandibwerekani pensulo ili pakhutu panuyo."

Anaimika pensuloyo kutsogolo kwa kamkono n'kugogoda chipika chija ndi hamala. Chitangosuntha, kamkono kanalumpha kuti phaa, pensulo n'kuduka pawiri.

"Mwaona? Vavu iyi ndi yabwino pa ntchito yake, sidontha. Koma imatsekera mpweya m'kati, ndipo mpweya wopanikizidwa ukautsekera sufa, umadikira. Yanu ija yatha, n'zoona, n'chifukwa chake ikutaya nthawi zonse. Komabe ikatsekedwa ikulavulabe, ndipo kulavulako ndiye kumawauza mayi kuti m'makina mulibenso mphamvu. Isiyeni ilire mpaka yatsopano ifike. Ndiitanitsa lero, ifika sabata yamawa, pamodzi ndi kachipangizo kochepetsa phokoso kuti isamawaombenso pamwendo. Zolumikizira zake mudzatengenso zolembedwa mphamvu imene zingapirire. Mazinga a zolumikizira zina amafanana ndi maso chabe, ukamanga amagwira pang'ono, tsiku lina n'kufwamphuka."

"Sabata yamawa? Achimwene anena Lachisanu."

"Kawauzeni zimene mwaonazi. Akakana, abwere kuno ndi pensulo yawo."

Wendell anaseka n'kutola zidutswa za pensulo yake. Kwa iye, kuuza Arlen kuti adikire kunali kuvomera pamaso pa anthu kuti ntchito yamukanika.

Pobwerera anaima pa kanyumba ka khofi pafupi ndi pomwetsera mafuta, pamene amuna a m'tauni amathetsera mavuto a dziko lonse atakhala pansi. Anapezapo Garth Penner, mnzake wa kusukulu, amene anakalambira pa mapaipi a madzi a m'nyumba ndi a m'makola a nkhumba.

"Nkhope yagwa bwanji, mwamuna mnzanga? Arlen wakumanga kansalu kofiira pakhosi?"

Wendell anafotokoza zonse, Garth akupukusa mutu.

"Aaa, unapita kwa aphunzitsi aja? Amenewo ukafuna msomali amayamba akulembetsa mayeso! Vavu ndi vavu, aise. Ine ndamanga zamkuwa m'makola onse a dera lino, unamvapo nkhumba ikudandaula? Ndili nayo m'galimoto, saizi yomweyo. Kamange, pakhale zii, mkulu wako agone tulo. Ya aphunzitsiyo ikabwera udzasintha mwakachetechete."

"Nanga mpweya wotsalira?"

"Kampweya ka m'kapaipi kotalika ngati mkono wangawu? Ine ndikadya nyemba ndimatulutsa woposa pamenepo!"

Kanyumba konse kanafa ndi phwete. Wendell nayenso anaseka, zidutswa za pensulo zili m'thumba mwake. Sikuti ananamizidwa ayi. Anali ataona ndi maso ake, koma anasankha malangizo amene ankamuchotsa manyazi msanga.

Lachinayi anthu ataweruka anamasula vavu yakale n'kumanga yamkuwa ija. M'mawa mwake Arlen anafika, n'kuwerama, n'kutchera khutu nthawi yaitali. Kenako anamasula yekha kansalu kofiira, n'kumumenya Wendell paphewa anthu onse akuona.

"Mwaona? Mphwangayu akafuna amatha. Izi ndiye ntchito!"

Wendell anamva kukoma mpaka m'mafupa, ndipo tisamunamizire kuti mtima unamugunda. Unadzagunda masana, Marlys atatseka vavu kuti akadye. Mayiyu anayamba wafutukula mwendo monga mwa chizolowezi, koma mphepo sinabwere. Anatembenuka akumwetulira.

"Zikomo, bambo! Zaka zonsezi mwendo wanga ukuzizidwa, lero mwandikumbukira. Koma ili bwinobwino? Siikupumanso, ndipo loko wanga alibe pokola."

Apa ndi pamene Wendell akanayankhula. Anatsegula pakamwa, koma Arlen anali chapafupi akuwerenga zitseko, nkhope ikadali yowala.

"Ndi yatsopano, musadandaule. Lokoyo ingomukolekani pa chogwirirapo," anatero Wendell, n'kumwetulira.

Mumtima anati adzamuuza kunyumba. Kunyumba anati adzamuuza mawa. Matabwa a masiku amenewo anali owongoka, sankakakamira, ndipo tsiku lililonse lodutsa bwino linkamuuza kuti mwina Garth sananame.

Vavu yoyenera inafika monga analonjezera Mayi Doerksen. Pomupatsa kabokosi anamuyang'ana m'maso.

"Yakale ija ikadalipo pa makina?"

"Ikadalipo, mayi."

"Mwachita bwino. Kamangeni iyi lero lomwe."

Koma ku fakitale kunali kutagwa ntchito yaikulu, zitseko za makabati a m'nyumba zosanja zimene ankamanga ku Winnipeg, ndipo aliyense ankathamanga. Wendell atapempha kuti aimitse makina opanira pang'ono, Arlen anachita tsinya.

"Uimitse chifukwa chiyani? Vavu yabwinobwino ija yatani?"

"Palibe, achimwene. Kungoti ndimafuna ndionepo."

"Udzaonapo katundu akanyamuka. Chinthu chikugwira ntchito, iwe ukufuna kuchisokoneza?"

Kuti afotokoze, Wendell anayenera kubweza chiyamiko chija. Anangokanda pamutu n'kuchoka, ndipo kabokosi kanakagona pampando wa galimoto, pansi pa magolovesi.

Sabata yotsatira kunabwera matabwa ena, ouma mothamanga, opindikapindika. Tsiku la ngoziyo Wendell anali pamwamba pa makwerero kumapeto kwa fakitale, akusintha nyali. Ali pamenepo anaona mikono ya makina opanira itaima panjira. Anaona Marlys akutseka vavu yamkuwa, akukoleka loko wake pa chogwirira mwaulemu wonse monga anamuuzira, akupinda mkono wa malaya.

"Marlys! Musapise! Marlys!"

Macheka ankalira, aliyense atavala zotseka m'makutu. Palibe anatembenuka. Marlys anapisa dzanja lamanja, n'kugwedeza thabwa lokakamira, thabwa n'kusuntha. Phokoso lake Wendell sanalimve, koma analidziwa, chifukwa anali atalimva kale pakona ya sitolo.

Sakumbukira m'mene anatsikira. Atafika anapeza mkazi wake atagwada, nkhope itayera, dzanja lili pakati pa chitsulo ndi thabwa. Mnzake wa pa makina oyandikana ankalimbana ndi vavu kuti atseke, koma inali yotseka kale. Panalibe chotseka, ndipo mkono wachitsulo unkakankhabe ndi mpweya wotsekeredwa uja. Wendell anasolola sipanala n'kumasula cholumikizira paipi. Mpweya unatuluka kuti psuuu, mkono n'kufooka. Phokoso limene likanamveka dzanja lisanalowe linamveka magazi ali kale pansi.

Madokotala a ku Winnipeg anapulumutsa chikhatho ndi zala ziwiri zakumapeto. Chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati sizinabwerere kunyumba.

Oyendera chitetezo cha pantchito anatseka makinawo, ndipo Arlen, amene tsopano ankayenda ngati munthu wodwala, anaitana Mayi Doerksen kuti adzaone mapaipi onse. Mayiwa anazungulira fakitale yonse. Kuchipinda chopentera anapeza paipi yoyera yapulasitiki, ya madzi, ikunyamula mpweya, ndipo anati ichotsedwe tsiku lomwelo chifukwa ikaphulika imamwazika ngati magalasi. Pena anapeza paipi yalabala yomangidwa ndi waya m'malo mwa cholumikizira chake. Atafika pa vavu yamkuwa anaima, n'kuyang'ana Wendell.

"Munandiuza kuti yakale ikadalipo."

"Ndinakunamizani, mayi."

"Mphwangayu ndiye watipha tonse," anayamba Arlen. "Akanandiuza ine..."

"Bambo Hiebert, amene anamanga vavuyi ndi mng'ono wanu, ndipo ankadziwa chimene akuchita chifukwa ndinamuonetsa ndekha. Mlandu umenewo ndi wake. Koma ngati wokonza makina akuopa kukuuzani kuti tidikire, vuto silili pa paipi pokha. Inu munkafuna zii, ndipo zii munam'peza."

Kenako Mayi Doerksen anasonkhanitsa antchito onse pa makinawo.

"Tamverani, abale anga. Kutseka vavu sikokwanira. Mukatseka, mverani mpweya utuluke. Yang'anani singano ya geji yoyezera mpweya igwe mpaka pansi. Kolani loko pa bowo lake kuti wina asatsegule. Pondani chopondera muone ngati makina afadi. Mukatero ndiye dzanja lilowe. Mukadzapeza vavu yasinthidwa, siikupumanso, musathokoze msanga. Imani, funsani, ndipo yankho likapanda kumveka funsaninso."

Wendell anakatenga kabokosi kaja m'galimoto n'kumanga vavu yoyenera, Mayi Doerksen akuyang'ana. Ntchito yonse inatha khofi amene anamuikira pambali asanazizire. Atatseka kuti ayese, vavu inapumira pansi mofatsa, kutali ndi pamene pamaima mwendo wa munthu. Anakhala pa mulu wa matabwa n'kulira ngati mwana. Garth, kuyambira pamenepo, akaona galimoto ya Wendell pa kanyumba ka khofi ankangodutsa.

Panapita miyezi Marlys asanalowenso kukhitchini. Sanakalipe, sanatchule za vavu, ndipo chete wakeyo ankamupweteka Wendell kuposa mawu. Loweruka lina chisanu chitayamba kutha, anatulutsa beseni lalikulu n'kuliika patebulo ndi dzanja lamanzere.

"Ana akubwera mawa. Sambani m'manja, mukande ufa."

Wendell anakanda, Marlys akumuuza pothira mkaka ndi batala. Ufa utatupa anayamba kutsina. Manja ake ozolowera sipanala ankatulutsa mabanzi osaoneka bwino, lina ngati dzira, lina ngati nkhonya, ndipo apamwamba ankapendekeka asanalowe n'komwe mu uvuni.

"Tsiku lija ndinakuthokozani," anatero Marlys mwadzidzidzi, maso ali pa beseni. "Ndinati zikomo bambo, inu n'kumwetulira. Munkadziwa?"

Wendell anaima, ufa uli m'manja.

"Ndinkadziwa."

"Ndinaganiza choncho. Zala ndazilira, zatha. Chimene chimandidzutsa m'mawa ndi kumwetulira kuja. Mukanangoti Marlys, musapise dzanja mpaka ndisinthe, ine ndikanamva. Ndi liti ndinakanapo mawu anu pa za makina? Munaopa nkhope ya achimwene anu, yanga simunaiope."

"Ndikhululukireni, Marlys."

"Ndikuyesetsa. Musandithamangitse."

Banzi lina lapamwamba linagwera pambali. Mwa chizolowezi cha zaka zambiri, dzanja lamanja la Marlys linanyamuka lokha kuti likalikhazike. Linafika pa banzipo n'kuima, popeza panalibe chotsinira. Onse awiri analiyang'ana. Kenako Marlys analibweza pang'onopang'ono n'kulibisa pansi pa epuloni.

"Lapamwamba lizikhala laling'ono," anatero. "Likanikizeni ndi chala pakati. Yambaninso."

Phunziro: Vavu ndi zolumikizira za mapaipi a mpweya tizisankha poona ntchito yake ndi munthu amene adzaime pafupi, osati poona kuti zikulowana kapena zapezeka msanga. Pamene munthu amapisa dzanja pamafunika vavu yotseka, yotulutsa mpweya wotsalira, ndiponso yokoleka loko. Za madzi zikhale za madzi. Wodziwa ntchito akati dikirani, tidikire. Ndipo ngati tasintha chinthu pa makina, amene amawagwiritsa ntchito amve zoona zake tsiku lomwelo, ngakhale abwana akwiye, chifukwa mkwiyo wa abwana umatha koma chala sichimeranso.